Ulaliki wofunsa kaye zimene omvera akufuna kumva

Mu 1975, mlaliki wachinyamata Bill Hybels ndi anzake anayenda khomo ndi khomo kufupi ndi mzinda wa Chicago ku America, kufunsa anthu chifukwa chimene sapitira kutchalitchi. Anthuwo anadandaula kuti mapemphero ngotopetsa, mpingo umangopempha ndalama, ulaliki sukhudza moyo wa tsiku ndi tsiku, ndiponso munthu amatulukamo mtima ukumutsutsa. Pa mayankho amenewa ndi pomwe anamangapo mpingo wa Willow Creek, womwe unayambira m'holo yoonetsera kanema. Mapemphero a Lamulungu anawakonzera mlendo: nyimbo zamakono, masewero, ulaliki wa zabanja ndi zantchito. Chiphunzitso chozama anachisungira okhulupirira pakati pa sabata. Mlaliki wina, Rick Warren, anatsata njira yofanana ku mpingo wa Saddleback, m'chigawo cha California, kuyambira mu 1980, ndipo buku lake la 1995, The Purpose Driven Church, linafalitsa maganizowa kwa abusa a m'mayiko ambiri. Ifenso timawamva alaliki otere pa TV ndi pa Facebook, choncho nkhaniyi si yakutali.

Tivomereze kuti anthuwa sanayambe ndi mtima woipa. Anafuna kuti munthu amene sanapondepo m'kachisi asabwerere pakhomo chifukwa cha mawu ovuta kapena maso a akulu ampingo pa zovala zake. Pamenepo palibe chokanira. Vuto limabwera pamene funso lija lasuntha kuchoka pa nyimbo ndi mipando n'kufika pa uthenga weniweniwo. Womvera akasanduka kasitomala, mlaliki amachita zomwe wogulitsa aliyense amachita pamsika: katundu wosayenda malonda samutaya ayi, amangomukankhira pansi pa benchi. Kulapa, chiweruzo ndi mkwiyo wa Mulungu pa tchimo, palibe amene amazikana poyera, ndipo m'chikalata cha chikhulupiriro cha mpingo zimakhalamobe. Kungoti miyezi imadutsa osazimva pagome. Chotsatira chake Yesu amalalikidwa ngati wokonza maukwati, wochotsa nkhawa ndi wotsegula mwayi wa ntchito. Zina mwa izi amachitadi, koma munthu amene sanauzidwe kuti ndi wolakwa pamaso pa Mulungu sangamvetse chimene mtanda unadzera. Akamva kuti wapulumutsidwa, sadziwa kuti wapulumutsidwa ku chiyani. Chimenechi ndicho mlaliki John MacArthur anadzudzula mu 1993 m'buku lake Ashamed of the Gospel.

Umboni wolemera kwambiri unachokera ku Willow Creek komweko. Mu 2007 mpingowu unasindikiza zotsatira za kafukufuku wake wotchedwa Reveal. Anapeza kuti kutanganidwa ndi zochitika zamumpingo sikunali kusonyeza kuti munthu akukula m'chikondi cha Mulungu ndi cha anzake, komanso kuti pakati pa Akhristu odzipereka kwambiri panali ambiri osakhutira, ena mpaka kuganiza zochoka. Hybels anavomera pagulu kuti analakwitsa posaphunzitsa anthu kudziwerengera Baibulo ndi kudzidyetsa okha mwauzimu. Kuvomera kotere n'kolemekezeka, koma kukutiuzanso kuti holo yodzaza ndi anthu oposa 20,000 pa sabata siinali chizindikiro choti ntchito ya mpingo yatheka.

Oikira kumbuyo njirayi amathamangira ku 1 Akorinto 9, pamene Paulo akunena kuti ankadzifananiza ndi anthu amitundu yonse kuti apulumutseko ena. N'zoona, koma tiyeni timuone Pauloyo ali pantchito ku Atene, pa Machitidwe 17. Anayambira pa guwa limene analiona mumzindamo, natchulanso alakatuli awo, osawalalatira. Komatu anathera pa kuwauza kuti Mulungu akulamula anthu onse kulapa, kuti tsiku lachiweruzo laikidwa kale, ndi kuti woweruzayo anauka kwa akufa. Atangotchula za kuuka, ena anamuseka. Paulo sanali mbuli pa maganizo a Agiriki, ankadziwa kuti mfundo imeneyo ndi yomwe iwakhumudwitse, koma sanaidumphe. Anasintha poyambira, osati pothera. Yesu mwini, pa Yohane 6, atadyetsa anthu 5,000 anawaphunzitsa mawu olimba mpaka ophunzira ake ambiri anabwerera m'mbuyo, ndipo sanawathamangire kuti akafewetse chiphunzitsocho. Mwini chuma wa pa Marko 10 Yesu anamukonda, komabe anamulola kuchoka ali wachisoni.

Chitsutso chachiwiri n'champhamvu kuposa choyambacho. Alipo alaliki amene amati akulalikira mosanyengerera pamene akungotukwana. Amaloza zala amayi ovala mathalauza, amawerengera anthu machimo mokondwa ngati iwo alibe, ndipo mpingo ukachepa amadzitcha ozunzika chifukwa cha choonadi. Mlaliki woteroyonso wabera anthu Uthenga Wabwino, chifukwa walalikira chiweruzo n'kubisa chisomo. Koma mankhwala a nkhanza za mlaliki si kudula uthenga pakati. Mtanda uli ndi chokhumudwitsa chake chimene sitingachichotse, pamene mwano wa mlaliki ndi chokhumudwitsa chimene wachiwonjezera yekha, ndipo chimenecho chichoke ndithu.

Ena amati mlendo timukope kaye, zolimbazo adzazimva m'kalasi akakhazikika. Koma munthu amakhalira chimene chinamuitana. Amene anabwera chifukwa anamva kuti mavuto ake atha, tsiku limene maliro kapena kuchotsedwa ntchito kwamugwera amaona ngati ananamizidwa, ndipo sitingamudzudzule. Amene ayenera kufunsidwa ndi abusa ndi akulu ampingo. Atsegule kaundula wa maulaliki a chaka chatha, aone ndime za m'Baibulo zimene zinawerengedwa pagome ndi zimene zinkangodumphidwa.