KUSUNGA TINKHUKU TATING'ONO M'NYUMBA: ZOFUNIKA KUDZIWA ALANGIZI

Mau oyamba

M'chigwa cha Mazowe, makamaka m'makomboni ozungulira migodi ya Trojan ndi Freda Rebecca ku Bindura, mukukhala mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique. Popeza malo ndi ochepa, ndiponso poopa akuba, avumbwe ndi mphamba, ena mwa mabanjawa amagoneka nkhuku m'nyumba kapena m'khitchini. Ena amaweta tinkhuku tating'ono ta mtundu wa bantam, timene ana amatikonda ndipo mathadzi ake amafungatira bwino mazira. Mlangizi wodziwa khalidwe la nkhuku angathandize mabanja otere kupewa imfa za ziweto ndi matenda a anthu.

Mgwirizano wa nkhuku

Nkhuku ndi chiweto chokhala pagulu. Katswiri wa ku Norway, Thorleif Schjelderup-Ebbe, anafotokoza m'zaka za m'ma 1920 kuti pagulu lililonse pali ndondomeko ya ukulu: ina imajompha zinzake, ina imajomphedwa, ndipo iliyonse imadziwa malo ake. Ndondomekoyi ikakhazikika, ndewu imachepa. Nkhuku zokulira pamodzi zimazindikirana, zimadyera pamodzi ndi kugona moyandikana.

Mgwirizano wa thadzi ndi anapiye umayamba mazira asanaswe. Pa masiku otsiriza mwa masiku 21 ofungatira, anapiye amayamba kulira ali m'dzira ndipo make amayankha. Akaswa amatsata liwu lake, amaphunzira kwa iye zakudya zoyenera, ndipo amafunda m'mapiko mwake, zomwe n'zofunika kwambiri m'nyengo yozizira ya June ndi July.

Zoyenera kulangiza

1. Nkhuku isasungidwe yokha. Yopatulidwa kwa zinzake imalira kosalekeza ndipo siidya bwino. Zikhale ziwiri kapena kuposerapo.

2. Anapiye asalekanitsidwe ndi make asanamere nthenga zokwanira, pa masabata 5 kapena 6, pokhapokha ngati pali njira ina yowafunditsira.

3. Nkhuku yachilendo ikhale payokha kwa masabata osachepera 2 kuti ngati ili ndi matenda aoneke. Kenaka iikidwe m'chitatanga pafupi ndi zinzake kwa masiku angapo, zizionana koma osakhudzana.

4. Modyera ndi momwera mukhale mwawiri kapena kuposerapo, kuti zofooka zisamanidwe gaga ndi madzi.

5. Masana zituluke kukaothera dzuwa, kupalasa ndi kusamba m'fumbi. Zotsekeredwa tsiku lonse zimayamba kuzulana nthenga.

Kuopsa kwake

Zitosi za nkhuku, ngakhale yooneka yathanzi, zikhoza kukhala ndi tizilombo ta Salmonella ndi Campylobacter toyambitsa kutsekula m'mimba, makamaka kwa ana okwawa. Choncho nkhuku zisagone m'chipinda cha ana kapena pafupi ndi ziwiya zodyera. Pansi pazisesedwa m'mawa uliwonse, ndipo wogwira nkhuku asambe m'manja ndi sopo. Utitiri umabisala m'ming'alu ya khoma ndi m'zisa, kotero udzu wa m'chisa uzitenthedwa anapiye akangoswa. Mbaula yamakala isasiyidwe m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wake umapha nkhuku ndi anthu omwe.

Kukhalirana pafupi kumafalitsanso chitopa msanga, ndipo matendawa alibe mankhwala. Chitetezo chake ndi katemera. Wa mtundu wa I-2 amadonthezedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, ndi anapiye omwe, pa miyezi 4 iliyonse. Nkhuku zikayamba kufa mwadzidzidzi, ogwira ntchito za umoyo wa ziweto adziwitsidwe mwamsanga, ndipo zodwala zisagulitsidwe.

Mau otsiriza

Kuletsa banja kusunga nkhuku m'nyumba popanda kuliuza chochita sikuthandiza, chifukwa chimene likuopa chikadalipo. Mlangizi ayambe wafunsa chifukwa chake, kenaka athandize banjalo kumanga kakhola kolimba kotsamira khoma lakunja. Posamutsa, gulu lonse lipite tsiku limodzi, madzulo, ndipo litsekeredwe m'kholamo masiku angapo kufikira litazolowera malo atsopanowo.