Funso la mowa lisasowe m'chipinda cha dokotala

Munthu wa kwa Kanduku akapita kuchipatala cha Mwanza kapena cha Kunenekude, kumuyeza BP ndi malungo sikudabwitsa aliyense. Funso la kachasu, fodya ndi chamba liyenera kuzolowereka chimodzimodzi, ndipo lifunsidwe kwa aliyense, amayi oyembekezera omwe. Mowa umakweza BP, umawononga chiwindi chomwe mankhwala a TB amachilemetsa kale, komanso umaiwalitsa munthu kumwa ma ARV. Bungwe la WHO linapeza kuti mu 2019 mowa unapha anthu 2.6 miliyoni padziko lonse. Dokotala akapanda kudziwa kuti wodwala amamwa, amangowonjezera mapiritsi gwero la vuto lili chikhalire.

Ena amati mzere umakhala wautali, nthawi palibe. Nzoona, koma pa mafunso 10 oyezera kamwedwe ka mowa otchedwa AUDIT omwe WHO inakonza, atatu oyambirira amakwana poyambira: mumamwa kangati, mumamwa wochuluka bwanji, ndipo ndi kangati pamene mumamwa wambiri nthawi imodzi. Poti mphamvu ya kachasu siilembedwa pabotolo, ndi bwino kufunsa mabotolo kapena ndalama zomwe zimathera kumowa pa sabata. Enanso amati odwala amanama. Amabisadi, makamaka akamva kuti akuweruzidwa. "Bambo, pa sabata mumamwa masiku angati?" ndi funso loyankhika, pomwe mawu oti chidakwa amatseka munthu pakamwa, mwinanso osadzabweranso. Pa chamba mantha ndi aakulu, chifukwa lamulo la 2020 linangolola kulima chamba chopangira mankhwala ndi chogwiritsa ntchito m'mafakitale, kusuta ukadali mlandu. Wodwala auzidwe poyamba kuti zokambidwa m'chipindamo ndi zachinsinsi.

Chodandaula chomveka kwambiri nchakuti chipatala cha matenda a maganizo chili kutali ku Zomba, ndiye kufunsa kupindulanji? Ambiri mwa omwa mopyola muyezo safunika kugonekedwa. Kafukufuku wa m'mayiko osiyanasiyana wasonyeza kuti uphungu wa mphindi zochepa, wolumikiza mowa ndi matenda omwe munthu wabwera nawo, umathandiza ambiri kuchepetsako. Koma amene amamwa kwambiri tsiku ndi tsiku, n'kumanjenjemera m'mawa asanalaweko, asauzidwe kuti angosiya lero lomwe. Kusiya mwadzidzidzi kungamugwetse ngati wakhunyu, kumusokoneza mutu, ngakhale kumupha. Ameneyo atumizidwe kuchipatala cha boma ku Mwanza kuti asiye akuyang'aniridwa ndi achipatala.