Phytase ndi Fosifolasi m'Chakudya cha Nkhuku

Alangizi ambiri m'chigawo chathu adakumanapo ndi anapiye olumala miyendo ndiponso nkhuku zoikira mazira a zigoba zofewa, ngakhale mlimi akuzipatsa chimanga, madeya ndi soya wokwanira. Kawirikawiri vuto limakhala kuperewera kwa fosifolasi ndi kashiamu, michere imene imamanga mafupa.

Fosifolasi alimo ndithu m'mbewu zimenezi, koma pafupifupi magawo awiri mwa atatu ndi womangika m'chinthu chotchedwa phytate, chimene nkhuku siitha kugaya bwino. Motero fosifolasi wambiri amangotuluka m'zitosi. Phytate amagwiranso kashiamu ndi zinki, kotero kuti nazonso zimaperewera m'thupi. N'chifukwa chake osakaniza chakudya amathiramo dicalcium phosphate, amene ndi wokwera mtengo ndipo maiko ambiri amaitanitsa kunja.

Phytase ndi enzyme imene imaphwanya phytate m'chithokomiro ndi m'nthutumba ya nkhuku, ndi kumasula fosifolasi uja. Idayamba kugulitsidwa ku Netherlands m'chaka cha 1991, itapangidwa kuchokera ku nkhungu yotchedwa Aspergillus niger. Mlingo wodziwika ndi mayunitsi 500 pa kilogalamu ya chakudya, ndipo umamasula fosifolasi wokwana pafupifupi galamu imodzi. Ngati paketi yalembedwa mayunitsi 5,000 pa galamu, magalamu 100 akwanira tani yathunthu.

Polangiza alimi, tsindikani mfundo izi:

1. Phindu limaoneka pamene dicalcium phosphate wachepetsedwa molingana ndi malangizo a pa paketi. Kuthira phytase osachepetsa kanthu ndi kuwonjezera mtengo wa chakudya.

2. Mlingo wake ndi wochepa zedi. Yambani mwasakaniza ndi madeya makilogalamu angapo, kenaka muthire pa mulu waukulu.

3. Phytase imaonongeka ndi kutentha ndi chinyezi. Isungidwe pamalo ozizira ndi ouma, ndipo opanga mapeleti afunse mtundu wopirira moto.

4. Laimu asapitirire mlingo, pakuti kashiamu wochuluka amalepheretsa phytase kugwira ntchito.

Kwa mlimi wa nkhuku zochepa, njira yapafupi ndi kugula premix imene muli kale phytase. Koma adziwe kuti phytase imangomasula fosifolasi amene alimo kale, ndipo siilowa m'malo mwa chakudya chamagulu.