Kufufuza mbiri ya makolo a kumidzi ya ku United States

Kufufuza mbiri ya makolo a kumidzi ya ku United States ndi ntchito yolondola moyo wa munthu wakale amene ankakhala kumudzi kapena pafamu m'dzikolo, pofuna kudziwa kumene anabadwira, amene anamanga naye banja, ana ake ndiponso malo amene anasamukirako. Ntchitoyi ndi yovuta chifukwa alimi ankasamukasamuka, ndipo madera ambiri sankalemba m'kaundula ana obadwa ndi anthu omwalira kufikira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Choncho ofufuza amayerekeza nkhani zimene banja limasimba ndi zikalata zolembedwa pa nthawiyo.

Kalembera

Boma la United States limachita kalembera zaka 10 zilizonse kuyambira mu 1790. Poyamba ankangolemba dzina la mwini nyumba, koma kuyambira mu 1850 anayamba kulemba dzina la mfulu aliyense wa pakhomopo, zaka zake, ntchito yake ndi kumene anabadwira. Mayinawa amatsekulidwa kwa anthu pakatha zaka 72, motero a mu 1950 anatuluka mu 2022. Mapepala ambiri a kalembera wa 1890 anawonongeka moto utabuka mumzinda wa Washington mu 1921.

Kwa mbadwa za akapolo ntchitoyi ndi yovuta kwambiri. Mu 1850 ndi 1860 akapolo ankalembedwa pansi pa dzina la mbuye wawo, kawirikawiri popanda mayina awo. Ambiri anayamba kuoneka ndi mayina mu kalembera wa 1870.

Zikalata za malo

Mu 1862 Pulezidenti Abraham Lincoln anasaina lamulo la Homestead Act. Lamuloli linkalola munthu kutenga maekala 160 ngati wamangapo nyumba, kulimapo ndi kukhalapo zaka 5. Pomaliza ankafunika mboni ziwiri zotsimikizira zimenezi, ndipo nthawi zambiri zinkakhala oyandikana naye. Mapepalawa amasungidwa ku National Archives, ndipo amafotokoza kukula kwa nyumba ndi maekala amene analimidwa. Mawilo ndi zikalata zogulitsirana malo zimapezeka m'makhoti a m'madera. Umboni wina umachokera m'mabuku a mipingo, pamiyala ya pamanda, ndi m'Mabaibulo a mabanja, momwe makolo ankalembamo masiku obadwa ndi a imfa.

Chitsanzo cha Charles Ingalls

Charles Ingalls anabadwa mu 1836 ku New York ndipo anamwalira mu 1902 ku De Smet, South Dakota. Amadziwika chifukwa cha mabuku a Little House amene analemba mwana wake Laura Ingalls Wilder. Banjali linakhalako ku Wisconsin, Kansas, Minnesota, Iowa ndi Dakota.

Zikalata zimasiyana ndi mabukuwo m'malo angapo. Kalembera wa 1870 anapeza banjali ku Montgomery County, Kansas, pa malo a anthu a mtundu wa Osage, ndipo wolemba analakwitsa dzina nalemba kuti Ingles. Laura anali ndi zaka 3 zokha, pamene m'buku akuoneka wokulirapo. Mabukuwo satchula za mlongo wake Freddie, amene anamwalira mu 1876 ali ndi miyezi 9, kapenanso nthawi imene banjali linakhala ku Burr Oak, Iowa. Koma malo a pafupi ndi De Smet ali ndi umboni wokwanira: Ingalls anawalembetsa mu 1880 ndipo mu 1886 anatsimikizira kuti wakwaniritsa zofunika za lamulo.

Chitsanzochi chimasonyeza kuti nkhani ya banja imatha kusiya zowawa ndi kusintha zaka, pamene chikalata nachonso chimatha kulakwitsa dzina. N'chifukwa chake ofufuza salandira tsiku kapena dzina lopezeka pamalo amodzi okha asanalitsimikizire kwina.