Ulimi wa Pakhomo: Kusankha Mtundu wa Mbuzi za Mkaka

Mnyamata amene watsiriza sukulu n'kubwerera kumudzi kawirikawiri amapeza munda waung'ono, khola la mbuzi zitatu kapena zinayi, ndi abale ake ang'onoang'ono amene mkaka anausiya tsiku lomwe anachoka kubere. Ng'ombe ya mkaka sangaikwanitse, pakuti mtengo wake ndi waukulu ndipo msipu wake ndi wochuluka. Mbuzi ya mkaka ndiyo ingamuthandize. Koma ndalama zimene wasunga movutikira zingathere pa mbuzi imodzi yofa isanakamidwe n'komwe, ngati sasamala posankha mtundu.

Mitundu ya mbuzi za mkaka yodziwika kwambiri inachokera ku Ulaya. Saanen ndi ya ku Switzerland, dziko la mapiri ndi chisanu. Ndi yoyera thupi lonse, ndipo pa mkaka imaposa inzake: ikamadya bwino ingapereke malita 3 pa tsiku kwa miyezi 8 kapena kuposerapo. Komatu chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Khungu lake lotuwa limapsa ndi dzuwa, ndipo pakatentha imafooka ndi kusiya kudya. Toggenburg nayonso ndi ya ku Switzerland. Ndi yofiirira, yokhala ndi mizere iwiri yoyera kumaso ndi miyendo yoyera. Mkaka wake ndi wocheperapo, koma thupi lake ndi lopirira. Anglo-Nubian, ya makutu aatali olendewera ndi mphuno yokhota, inapangidwa ku England posakaniza mbuzi za kumeneko ndi zochokera ku India ndi maiko ena otentha. Chifukwa chake imapirira kutentha, ndipo mkaka wake, ngakhale suchuluka ngati wa Saanen, uli ndi mafuta ambiri.

Pali mbuzi ina imene imanyenga ambiri ndi kukula kwake. Imeneyi ndi Boer ya ku South Africa, yoyera thupi ndi yofiira mutu. Iyi ndi mbuzi ya nyama, ndipo wofuna mkaka asataye ndalama zake pa iyo.

Tsono mlimi asanafunse kuti ndi mbuzi iti imene imatulutsa mkaka wambiri, ayambe wafunsa kuti ndi iti imene ingakhale ndi moyo pakhomo pake. Ayang'ane nyengo ya kwawo: Saanen ndi Toggenburg zingachite bwino m'madera ozizira monga Dedza, Ntchisi ndi Thyolo, koma ku Salima, Chikwawa ndi Nsanje kutentha kungazisautse. Ayang'anenso chakudya. Mbuzi ya mkaka sikhuta ndi udzu wa m'mbali mwa msewu itamangidwa chingwe m'khosi. Imafuna nsenjere, masamba a mtedza osungidwa bwino pokolola, gaga, mchere, masamba a lukina pang'ono, ndi madzi oyera tsiku lililonse, ngakhale m'mwezi wa Okutobala pamene tchire lonse lauma. Pomaliza aganizire za matenda. Nkhupakupa ndi njoka za m'mimba, zimene mbuzi zakuno zinazolowerana nazo, zimapha msanga mbuzi zachilendo.

Apa mpamene mbuzi yachikuda, imene ambiri amainyoza, imaonetsa ubwino wake. Mkaka wake ndi wochepa, nthawi zambiri sufika theka la lita pa tsiku, koma imapirira dzuwa, njala ndi matenda. Nzeru yabwino kwa mlimi wamng'ono ndiyo kuphatikiza mphamvu ziwirizi. Mbuzi yachikuda ikakweredwa ndi tonde wa mtundu wa mkaka, imatenga bere kwa masiku pafupifupi 150, ndipo mwana wobadwayo amatenga theka kwa amake, theka kwa atate wake. Msoti wotere ukakula n'kukweredwa ndi tonde wina wa mtundu womwewo, ana ake amakhala ndi magawo atatu mwa anayi a mtundu wa mkaka. Njira imeneyi inayesedwa ku Meru m'dziko la Kenya kuyambira mu 1996, kumene bungwe la FARM-Africa linabweretsa mbuzi za Toggenburg kuti zisakanizidwe ndi mbuzi za alimi a kumeneko.

Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti tonde mmodzi angatumikire mabanja angapo, motero anthu a m'mudzi umodzi angasonkherane ndalama zomugulira. Chofunika kukumbukira n'chakuti tonde asakwere ana ake omwe, pakuti chibale chotere chimafooketsa ziweto. Ana ake aakazi akamafika msinkhu, asinthanitsidwe ndi tonde wa m'mudzi wina.

Popita kukagula, mlimi atsagane ndi mlangizi wa ziweto. Aone mbuziyo ikukamidwa ndi maso ake, osangomva za m'kamwa mwa wogulitsa. Bere likhale lofewa, lopanda zotupa, la mawere awiri ofanana. Maso akhale owala, ubweya wosalala, miyendo yolimba. Khola la m'mwamba, louma ndi la mthunzi, likhale litamangidwa kale, ndipo nsenjere ikhale itamera mbuzi isanafike pakhomo. Mkaka ukayamba kutuluka uziwiritsidwa ana asanamwe.

Njira yosakaniza mitundu imatenga zaka ziwiri kapena zitatu mkaka usanachuluke, ndipo wachinyamata wopupuluma angaione ngati yochedwa. Koma tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Lita imodzi yopezeka m'mawa uliwonse imakwanira ana anayi kapu imodzi aliyense asanapite kusukulu.

Gawo lotsatira lidzafotokoza kamangidwe ka khola la m'mwamba.