Ndege zikaima, katemera wa mwana wanu amafika bwanji ku Kachulu?

Mwina simunakwerepo ndege, ndipo ulendo wanu wautali ndi wa pa boti kuchoka padoko la Kachulu kupita ku Chisi. Komabe katemera amene mwana wanu amabayidwa kusikelo anafika m'dziko muno pa ndege. Malawi sapanga katemera wa anthu. Ambiri amachokera ku India ndi kwina, ndipo ayenera kusungidwa pozizira, pakati pa madigiri 2 ndi 8, mpaka alowe m'bokosi la mlangizi wa zaumoyo. Sitima yapamadzi imachedwa kwambiri pa katundu wotere.

Vuto ndi loti katundu wambiri wa mtunduwu amakwezedwa m'munsi mwa ndege zonyamula anthu. Covid-19 atabuka, ndegezo zinaima. Kuno kwathu maulendo akunja anaimitsidwa pa 1 April 2020, ndipo bwalo la ndege la Kamuzu linatsegulidwanso pa 1 September. UNICEF inanena kuti kuyambira kumapeto kwa March chaka chimenecho, katemera amene inkatumiza padziko lonse anachepa ndi 70 mpaka 80 peresenti. Chikuku sichinkadikira kuti ndege ziyambirenso.

Akatswiri akamati maulendo apandege akhale opirira pa nthawi ya mliri, amatanthauza kuti anthu angaletsedwe kuyenda koma mankhwala, zoyezera matenda ndi ogwira ntchito zachipatala asatsekeredwe njira. Boma linachita bwino mu 2020 polola ndege za katundu kupitiriza kutera. Chimene sichinathandize ndi cha mu November 2021, pamene South Africa inalengeza za Omicron ndipo Britain ndi America analetsa apaulendo ochokera m'chigawo chino, Malawi yemwe. Kachilomboko kanali katafika kale ku Ulaya. Dziko likalangidwa chifukwa choulula matenda, ena amaphunzira kubisa.

Inu a kunyanja ya Chilwa mukudziwa kufunika kwa kufulumira. Kolera itavuta mu 2016, asodzi okhala m'zimbowera analandira katemera wakumwa wochokera kunja, ndipo ena anapatsidwa wachiwiri kuti akamwe okha pamadzi pomwepo.

Ndiye katemera akapezeka kuchipatala, musazengereze kuti mudzapita mwezi wamawa. Mavolontiya, onani mabuku a kusikelo a ana m'mudzi mwanu, lembani amene anaphonya, ndipo mayinawo mupereke kwa mlangizi wa zaumoyo sikelo isanafike.