Njanji ya ku Chiromo Ijambulidwe Isanathe

Njanji yochokera ku Limbe imatsika kudzera ku Luchenza, Sandama, Thekerani ndi Sankhulani, n'kutsata mtsinje wa Ruo mpaka kuchigwa ku Makhanga ndi Chiromo, pamene Ruo amathira mu Shire. Kutsidya kwake kuli Bangula, Nsanje ndi Marka, m'malire mwa dziko lino ndi Mozambique. Imeneyi ndi njanji yoyamba kumangidwa kuno, ndipo inafika ku Blantyre mu 1908. Mu 1997 madzi osefukira anaidula pakati pa Chiromo ndi Bangula, pamalo otchedwa Mtayamoyo, ndipo pamene pankadutsa sitima panasanduka dooko la mabwato. Madzi a mu Januwale 2015 anaononganso mbali ya kumunsi kwa Ruo, sitima ya anthu n'kuleka kufika ku Makhanga. Chatsala m'madera amenewa ndi masiteshoni opanda zitseko, nyumba za antchito zimene malata ake anapita kalekale, ndi zitsulo zokwiririka mumchenga. Masiku ano achinyamata ena, onyamula kamera kapena foni chabe, amakonda kupita kumabwinja kukajambula. Ambiri amawaona ngati osowa chochita. Ine ndikuti ntchito yawoyo ndi yofunika ndiponso yofulumira, malinga ngati aichita monga mboni, osati monga alendo ongofuna chithunzi chokongola.

Chifukwa choyamba n'chakuti bwinja kwathu kuno silikhalitsa. Kumaiko ozizira nyumba yosiyidwa ikhoza kuima zaka zambiri osasintha kwenikweni, koma kuchigwa cha Shire chiswe chimayamba ndi mitanda ya denga, mvula n'kulowa, kenaka kachere n'kumera pamng'alu wa khoma. Mizu yake imalowa pakati pa njerwa pang'onopang'ono mpaka khoma kugawikana. Zimene chilengedwe chasiya, anthu amamaliza: njerwa zimakamangira makhitchini, ndipo zitsulo zimapita kwa ogula zitsulo zakutha kapena kwa osula makasu, mbaula ndi ngolo. Namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023 anasonyeza kuti usiku umodzi ndi wokwanira kusintha maonekedwe a dera lonse. Ngakhale chitukuko chenichenicho chimafafaniza zakale. Pokonzanso njanji ya pakati pa Marka ndi Bangula, zomwe ndi zoyenera kuyamikira, zitsulo zakale zimazulidwa, milatho yaing'ono imagumulidwa, ndipo palibe amene angadzudzule omangawo chifukwa ntchito yawo si kusunga mbiri. Madzi akatayika saoleka. Chimene sichinajambulidwe chaka chino mwina chaka chamawa sichipezeka.

Mphamvu ya chithunzi chimodzi tinaiona kale m'mbiri yathu. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chimene John Chilembwe anamanga ku Mbombwe ku Chiradzulu chinaphwasulidwa ndi boma la atsamunda mu 1915 pambuyo pa kuukira boma kumene iye anatsogolera. Cholinga chinali choti pasatsale choloza. Komabe lero tikudziwa kutalika kwake, mazenera ake ndi nsanja yake chifukwa panali munthu amene anachijambula chikadaima. Chithunzi china cha mu 1914, choonetsa Chilembwe ali ndi mmishonale John Chorley, ndi chimene Samson Kambalu anatengera posema chosema chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pabwalo la Trafalgar Square ku London mu 2022. Wojambula wa mu 1914 uja sakanadziwa kumene chithunzi chake chikafike. Iye anangosunga chimene chinali pamaso pake, ndipo pambuyo pa zaka zoposa 100 chinalankhula.

Pali amene amatsutsa, ndipo mawu awo si opepuka. Ena amati njanji, masiteshoni ndi malinga ngati Fort Lister ku Phalombe kapena Fort Mangochi ndi zinthu za azungu, zomangidwa kuti atsamunda azilamulira dziko ndi kutumiza kunja fodya, tiyi ndi thonje, choncho kuzisamala ndi kulemekeza otipondereza. Zoonadi njanjiyi sinamangidwe poganizira mlimi wa ku Tengani. Koma ndani anakumba dothi, ndani anasenza miyala, ndani anagoneka zitsulo padzuwa la kuchigwa? Anali makolo a anthu omwewa amene lero akuwoloka pa bwato pa Mtayamoyo, ambiri a iwo atakakamizika kufuna ganyu chifukwa cha msonkho wa nyumba. Njanji itatalikitsidwa kufika ku Chindio m'mbali mwa Zambezi mu 1915, kenaka mlatho wa Dona Ana, wotalika mamita oposa 3,600, utatsegulidwa mu 1935, ngongole zake zinalemetsa boma la Nyasaland kwa zaka zambiri. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail anafotokoza m'zolemba zake mmene ngongole za njanji zinathandizira kusaukitsa dziko lino, pamene ndalama zimene zikanamanga masukulu ndi zipatala zinkapita kobweza. Chinthu chimene anthu anachilipira ndi thukuta ndiponso msonkho ndi chawo, kaya amene analamula kuti chimangidwe anali ndani. Kuchijambula ndi kusunga umboni wa mtengo umene makolo analipira.

Ena amati zithunzi za mabwinja zimachititsa dziko manyazi, ndipo zimapatsa akunja mpata wonena kuti Amalawi satha kusamala zinthu. Apa pali chilungamo pang'ono. Kuli ojambula amene amasankha dzimbiri ndi udzu okha, n'kudula m'chithunzi mayi amene akugulitsa mbatata pambali pa siteshoni, kuti malowo aoneke ngati anthu anathawamo. Chithunzi chotero chimanama. Koma mankhwala a bodza si kuletsa kujambula, ndi kujambula moona. Taganizirani za doko la ku Nsanje, limene pulezidenti Bingu wa Mutharika anatsegula mu Okutobala 2010 pamaso pa Robert Mugabe ndi Rupiah Banda. Ngalawa imene imayembekezeka pamwambowo inagwidwa ku Mozambique, boma la kumeneko likuti kafukufuku wa chilengedwe ayambe wachitika, ndipo sitima za katundu sizinayambe kuyenda. Khoma la simenti la dokolo likadali m'mbali mwa Shire. Nzika imene ikufunsa kumene ndalama za dziko zinapita imathandizidwa ndi chithunzi cha dokolo chokhala ndi tsiku lake, kuposa ndi chete. Manyazi amene amabisa zolakwa amachititsa kuti zolakwazo zibwerezedwe.

Choncho kusiyana kwa mboni ndi mlendo kuli m'kachitidwe. Mboni imalemba dzina la malo, mudzi, mfumu ya dera ndi tsiku. Imajambula nyumba yonse mbali zinayi isanathamangire kokongola, kenaka imayandikira. Pambali pa chitsulo cha njanji, pakati pa mutu woyendapo mawilo ndi phazi lake, opanga ankadinda zilembo zotukuka zosonyeza dzina la fakitale ndi chaka chimene chitsulocho chinapangidwa. Ukapukuta dothi ndi chikhatho, dzuwa la m'mawa kapena la madzulo likawomba chammbali, zilembozo zimaoneka bwino, pamene dzuwa la masana limazibisa. Kachinthu kameneka kamauza wofufuza ngati gawo limenelo ndi la pachiyambi kapena linasinthidwa pambuyo pake. N'chimodzimodzinso kazenera kogulitsirapo matikiti, nambala yolembedwa pa mlatho waung'ono, ndi mzere wa matope pakhoma wosonyeza pamene madzi analekezera. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Koposa zonsezi, mboni imakhala pansi ndi achikulire a pamalopo: amene anali kapitawo wa gulu lokonza njanji, mayi amene ankakweza madengu a nsomba zouma kupita nazo ku Limbe, mphunzitsi amene ankadalira sitima popita kukalandira malipiro. Foni yomwe ikujambula khomayo ikhoza kujambulanso mawu awo, iwo akalola. Anthu amenewa akutha mofulumira kuposa njerwa.

Nkhawa ina ndi ya ngozi ndi malamulo, ndipo imeneyi siyofunika kukangana nayo. Njanji yosayenda sitima si yopanda mwini: ndi katundu wa boma, ndipo mu 1999 bomalo linapereka njanji za m'dziko muno kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziziyendetsa. Malo akale otetezedwa ali pansi pa lamulo la zipilala ndi zinthu zakale la mu 1990, limene sililola kuononga kapena kuchotsa zinthu pamalo otero popanda chilolezo. Wojambula asatole ngakhale bawuti imodzi, asakwere mlatho wodzimbirira, ndipo akumbukire kuti m'nyumba zosiyidwa mumakhala njuchi, mavu ndi njoka, pamene m'madambo a ku Chiromo muli ng'ona. Mwambo wathu unatipatsa kale njira: mlendo amayamba waodira kwa a mfumu, n'kufotokoza chimene wabwerera, n'kupatsidwa womuperekeza. Woperekezayo amadziwa pansi pofooka, amadziwanso pamene pali manda posayenera kupondapo. Amene amaopa kuti zithunzi ziitana akuba aiwala kuti akubawo anafika kale popanda chithunzi. Kawirikawiri chinthu chimene anthu akudziwa kuti chinalembedwa ndi kuwerengedwa chimavuta kuchizembetsa.

Vuto lenileni limene latsala ndi kosungira. Zithunzi zambiri zimathera pa Facebook kapena mufoni, ndipo foniyo ikabedwa kapena kuonongeka, zonse zapita. Dziko lino lili ndi malo oyenera: nyumba yosungira zolemba zakale za boma ku Zomba, nthambi ya boma yoona za malo osungira zinthu zakale ndi zipilala, komanso laibulale ya bungwe la Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre, kumene kuli zithunzi zambiri za nthawi ya atsamunda. Zambiri mwa zithunzi zakalezo zinajambulidwa ndi azungu, n'chifukwa chake mayina a mabwana amapezeka pamene antchito amangooneka ngati khamu lopanda dzina. M'badwo uno uli ndi mwayi wokonza zimenezo, pakuti kamera ili m'thumba la mwana wa ku Makhanga yemwe. Masukulu a sekondale a ku Nsanje ndi ku Thyolo, kudzera m'makalabu a mbiri yakale, akhoza kugawana masiteshoni ali pafupi nawo, kujambula, kulemba mayina ndi mawu a achikulire, n'kutumiza makope kumalo osungira aja. Inu amene mumakhala m'mbali mwa njanjiyi, musadikire wofufuza wochokera kunja: yambani ndi siteshoni ya kwanu mvula ikubwerayi isanagwe.